Mwana watupa atadya phala la nsinjiro

Aphungu,

Ndili ndi mwana wamwamuna wa miyezi 9. Sabata yatha ndinamuphikira phala la mgaiwa n'kuthiramo nsinjiro. Asanamalize n'komwe, milomo ndi zikope zinatupa, thupi lonse linachita ziwengo, kenako anasanza. Pofika madzulo zinatha zokha. Aka kanali koyamba kumupatsa nsinjiro. Apongozi akuti ndizimupatsabe pang'onopang'ono kuti azolowere, ena akuti alipo wamuchita chipongwe. Chibadwireni khungu lake limauma ndi kuyabwa m'masaya ndi kuseri kwa mawondo. Zatheka bwanji mwana kudana ndi chakudya chimene sanachilawepo?

Mayi wodandaula, Chiromo

Mayi,

Choyamba, nsinjiro musamupatsenso, ngakhale ya kunsonga kwa supuni, mpaka dokotala atamuona. Kutupa, ziwengo ndi kusanza zikabwera pamodzi mwana atangodya, si nkhani yodikira kuti tione mawa. Ulendo uno zinatha zokha, koma ulendo wina zikhoza kutsekereza kukhosi.

Palibe wamuchita chipongwe mwana wanu, ndipo inu simunalakwe pomuthirira nsinjiro. Yankho la funso lanu mwalilemba nokha m'kalatamo, pamene mwatchula khungu louma loyabwalo.

Thupi silingakane chinthu chimene silinakumanepo nacho. Pamafunika kukumana koyamba, ndipo kumachitika mwakachetechete, popanda chizindikiro. Chitetezo cha m'thupi chimaona timapuloteni ta mtedza, n'kutiyesa mdani, n'kupanga asilikali otchedwa IgE amene amakhala chire kudikira. Tsiku limene mtedza wabweranso, asilikaliwo amachititsa thupi kutulutsa mankhwala otchedwa histamine ndi ena otero, ndipo kutupa kumayamba m'mphindi zochepa, kawirikawiri pasanathe maola awiri.

Nanga mwana wanu anakumana nawo kuti mtedzawo? Taganizani tsiku limene mukusinja. Mwakazinga mtedza, mwaupeta m'lichero, fumbi lake lagwera pachitenje chimene mwabereka nacho mwana. Akulira, mwasiya munsi, mwamupukuta misozi ndi dzanja lomwelo lonona mafuta a mtedza, pa tsaya lomwe lija losweka. Khungu labwino limatchinga, koma khungu la eczema, ngati la mwana wanuyu, lili ndi timing'alu tosaoneka ndi maso. Madokotala ambiri masiku ano amaona kuti apa ndi pamene vutoli limayambira kawirikawiri. Chitetezo cha m'thupi chili ngati galu wa pakhomo: mlendo amene walowera pachipata ndi mwini nyumba amamuzolowera, koma amene wayamba kumuona akusuzumira pa chiboo cha mpanda amamuuwa masiku onse. Chakudya chikayamba kulowera m'mimba, thupi limaphunzira kuchilandira. Chikayamba kulowera pakhungu lotupa, thupi likhoza kuchitenga ngati chiopsezo. Zakumtundu zimathandizirako, makamaka ngati m'banjamo muli a mphumu kapena a khungu loyabwa.

Apongozi anu musawanyoze, chifukwa mawu awo ali ndi mbali yoona. Mu 2008, Gideon Lack wa ku King's College London ndi anzake anapeza kuti ana Achiyuda a ku Britain ankadwala ndi mtedza kuwirikiza pafupifupi ka 10 kuposa anzawo a ku Israel, kumene makanda amayamba msanga kudya kachakudya ka mtedza kotchedwa Bamba. Anatsatiza ndi kafukufuku wa LEAP, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2015. Anatenga makanda 640 a miyezi 4 mpaka 11, a eczema yaikulu kapena odwala ndi mazira. Ena ankadya mtedza sabata iliyonse, ena ankaupewa. Pofika zaka 5, vutoli linachepa ndi pafupifupi 80 peresenti mwa amene ankadya. Koma onetsetsani apa: kuyamba msanga kumateteza mwana amene thupi lake silinayambe kukana. Wanu layamba kale. Kumuzoloweretsa kunyumba, kutali ndi jakisoni wopulumutsa moyo, ndi kuika moyo wake pachiswe. Apongoziwo afotokozereni mwaulemu, kapena pitani nawo limodzi kuchipatala akamve okha.

Musadikire tsiku la sikelo. Pitani naye sabata ino kuchipatala cha Trinity ku Muona, kapena kuchipatala chilichonse chimene mungafike msanga, mukafotokoze zimene anadya, nthawi imene inadutsa, ndi zimene zinaoneka. Pemphani kuti alembe m'buku lake la kuchipatala, patsamba loyamba, kuti mwanayu amadwala ndi mtedza. Funsaninso mafuta a khungu lakelo, chifukwa likapola mwana adzagona bwino. Akaona kuti pakufunika kuyeza kwina, akhoza kukutumizani ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi mtunda. Inu a ku Chiromo mukudziwa mmene Ruo ndi Shire zimadulira njira dzinja likafika, monga zinachitikira mu 2015 komanso pa namondwe wa Freddy mu 2023. Choncho konzekeranitu. Mudziwe wa njinga yamoto amene mungamudzutse usiku, ndipo bambo a mwana akhale ndi nambala yake. Mwana akayamba kubanika, kulira kwa mawu osasa, kutupa lilime, kusanza mobwerezabwereza, kapena kulefuka ngati akukomoka, nyamukani pomwepo. Mankhwala opulumutsa moyo pamenepo ndi jakisoni wa adrenaline wobaya pantchafu. Piritoni amachepetsa ziwengo ndi kuyabwa basi, satsegula kukhosi. Musamumwetse mkaka, madzi a mchere kapena mankhwala azitsamba kuti asanze.

Kunyumba, kuphika sikuchotsa vutoli. Mtedza wokazinga, wophika kapena wosinja ndi chimodzimodzi. Si nkhaninso ya chuku, kotero kusankha mtedza wabwino sikuthandiza. Nkhwani wotendera, futali ndi chiponde zonse zimukhale patali, ndipo mthiko, chipande ndi kambale kake zikhale zakezake. Mukagwira mtedza sambani ndi sopo musanamunyamule. Ana okulirapo ndiwo amakonda kupatsa khanda chimene akutafuna, ndiye auzeni momveka. Pitirizani kuyamwitsa. M'phala lake thirani ufa wa usipa kapena matemba, dzira ngati analidyapo osavutika, kapena supuni ya mafuta ophikira. Ana ambiri odwala ndi mtedza amadya nyemba, khobwe ndi nandolo popanda vuto, ngakhale zili pachibale ndi mtedza. Chitowe ndi makademiya muyambe mwafunsa dokotala.

Mwa ana asanu otere, pafupifupi mmodzi vutoli limamuthera akamakula, koma woyesa ngati latha ndi dokotala, osati ife kunyumba. Ndipo ngati tsiku lina sikelo yake itatsika n'kuuzidwa kuti alandire chiponde cha kuchipatala, aonetseni bukulo asanang'ambe paketi, chifukwa chiponde chimenecho chimapangidwa ndi mtedza, ndipo adzafunika kumupezera chakudya china.