Palibe Amene Anakuchitani Faulo

Bambo wa zaka za m'ma 40 akusewera mpira ndi anzake akuntchito Loweruka masana. Pothamangira mpira, akumva kuti thapu! kumbuyo kwa mwendo, ngati wina wamumenya theche. Atacheuka mwaukali, sakuona munthu. Akupita kunyumba chotsimphina, kukathowa ndi madzi otentha, uku akuti wangobinya.

Sanabinye ayi. Waduka mtsempha wa Achilles, umene umalumikiza katumba ndi fupa la chidendene. Chopusitsa n'chakuti munthu wotere amathabe kuyenda, ululu n'kuzizira pakapita masiku, motero ngakhale wachipatala wopupuluma amangolemba mankhwala opha ululu. Chonsecho kuyeza kwake sikulira makina. Wodwala amagona chafufumimba, mapazi ali lende kumapeto kwa bedi, ndipo dokotala wa mafizo amafinya katumba. Phazi likagwedezeka, mtsempha ulipo. Likangoti zii, waduka. Njirayi imatchedwa Simmonds-Thompson, ndipo kuidumpha n'kumulakwira wodwala, chifukwa pakatha milungu nsonga zodukazo zimatalikirana, ndipo zimene chikhakha chikanatha kuchiza zimafuna opaleshoni yovuta.

Nthawi zina mtsemphawu umayamba wadandaula. Umauma m'mawa, masitepe oyamba potsika pabedi n'kumawawa, ndipo pamtunda wa masentimita 2 mpaka 6 kuchokera pachidendene pamatupa. Apa kungogona sikuchiza. Mu 1998 Håkan Alfredson wa ku Umeå, ku Sweden, anaonetsa kuti mtsempha wotere umalimba ukamasenzetsedwa katundu mwadongosolo: kuima ndi zala m'mphepete mwa sitepe n'kumatsitsa chidendene pang'onopang'ono, maulendo 180 patsiku, kwa milungu 12. Ambiri amalekera panjira ululu ukangochepa, n'kubwerera m'bwalo msanga. Koma ngati ululu uli penipeni pamene mtsempha wagwira fupa, chidendene chisatsike kupitirira sitepe. Chitirani pansi pathyathyathya.

Funso limene ndimafuna aliyense wa mafizo azifunsa ndi ili: "Bambo, mwamwako mankhwala anji posachedwapa?" Ciprofloxacin, amene timamwa kawirikawiri pa matenda a m'mimba ndi a chikhodzodzo, amatha kufooketsa mitsempha. Bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linalamula chenjezo lamphamvu pa gulu la mankhwalawa mu 2008, makamaka kwa opitirira zaka 60 ndi amene akumwa ma steroid. Chidendene chikayamba kuwawa muli pa mankhwalawa, siyani masewera ndipo muuzeni amene anakulemberani tsiku lomwelo.