Ntchito ya kunyanja imayenda ndi nyengo

Muulutsi: Kalata yoyamba yachokera kwa achemwali ena a ku Senga Bay amene angoyamba kumene ntchito yoperekera zakudya pa loji ina. Akuti: "Bambo, inu mwakulira m'mahotela a kunyanja kuno. Mukanabwerera pa msinkhu wangawu, mukanadziuza zotani?"

Mlangizi: Achemwali, ndikanadziuza kuti: mnyamata iwe, usagwire ntchito ya pakamwa, pempha kalata. Lamulo la za ntchito la 2000 limati bwana apereke kwa wantchito chikalata chofotokoza malipiro, maola ndi tchuthi. Ambiri amaopa kufunsa, ati bwana angawaone ngati amwano. Koma tinaona zimene zinachitika mu 2020, Covid itaimitsa alendo. Mahotela kuyambira Senga Bay mpaka Mangochi anachepetsa antchito, ndipo amene analibe pepala ankafika ku ofesi ya leba pa boma la Salima alibe chosonyeza kuti anagwira zaka zingati. Zinandipweteka mtima kwambiri, chifukwa ena anali anthu okhulupirika amene anakalambira m'khitchini.

Musaiwale penshoni. Kuyambira 2011, bwana amayenera kuikako 10 peresenti ya malipiro anu, inu 5. Kudulidwa pa malipiro si umboni woti ndalamayo yafika. Funsani sitetimenti ku kampani yosunga penshoniyo chaka chilichonse.

Muulutsi: Yachiwiri ndi ya achimwene amene ndi mlovi pa boti la chilimira. Akuti usipa ukaphedwa ndalama imatha tsiku lomwelo, ndipo mwera ukayamba amangokhalira kukongola kwa mwini boti. Atani?

Mlangizi: Achimwene, funso lanuli ndi la alovi onse. Mwera suchita kubwera mwadzidzidzi. Chaka ndi chaka umaomba kuyambira Meyi mpaka cha mu Ogasiti, ndipo pamakhala masiku angapo otsatizana boti lili pamchenga. Mlovi wanzeru amawerengera masiku amenewo usipa ukadali wambiri.

Taonani ku chilumba cha Mbenje, m'boma lathu lomweli la Salima. Kuyambira zaka za m'ma 1950, mafumu a Makanjira amatseka usodzi kumeneko cha mu Disembala mpaka Epulo kuti nsomba ziswane, ndipo mowa ndi juga nzoletsedwa pachilumbapo. Akuluakulu aja anadziwa kumene ndalama ya msodzi imatayikira. Inunso mukalandira gawo lanu m'mamawa, musanachoke padooko, ikani kangachepe mu Mpamba kapena Airtel Money, kapena lowani banki mkhonde pamodzi ndi amayi a kunyumba. Ngongole ya mwini boti ndi yoopsa chifukwa imakumangani: simungachoke ngakhale mutapeza boti lolipira bwino.

China chimene alovi okalamba amandiuza kawirikawiri ndi chakuti akanaphunzira injini akadali ndi mphamvu. Kukoka khoka kumafuna msana, ndipo msana umatha. Injini ikafa padooko, aliyense amathamangira makaniko, mwera kaya mpoto. Choncho masiku amene nyanja yakwiya, khalani pafupi ndi makaniko, muziwapatsira sipanala, muzifunsa. Manja akazolowera, pitani mukafunse za mayeso a TEVETA kuti luso lanulo likhale ndi satifiketi.

Muulutsi: Makalata otsala tiwerenga sabata ya mawa.