ZA UMOYO: Mtima Wofooka ndi Mchere wa M'ndiwo

Phunziro lathu la mwezi uno likunena za nthenda imene madokotala amaitcha cardiomyopathy, ndiko kunena kufooka kwa mnofu wa mtima. Kawirikawiri nthendayi siitheratu, koma munthu wosamala kadyedwe kake ndi kumwa mankhwala mokhulupirika angathe kukhala nayo zaka zambiri akuyendetsa banja lake.

KODI NTHENDAYI NJOTANI?

Mtima ndi mnofu waukulu ngati chibakera cha mwini wake. Ntchito yake ndiyo kupopa magazi usana ndi usiku, ndipo pa tsiku limodzi umagunda pafupifupi ka 100,000. Mnofuwu ukafooka, mtima umakula koma mphamvu zake zimachepa. Umafanana ndi mjigo wotha mphira: mupopa kambiri, koma madzi otuluka ngochepa. Pamenepo madzi amayamba kuunjikana m'thupi. Mapazi ndi mimba zimatupa, munthu amachita befu pa kamtunda kakang'ono, ndipo usiku amabanika akagona chagada.

Zoyambitsa zake nzambiri: kuthamanga kwa magazi kosasamalidwa, uchidakwa, kachilombo ka HIV, ndipo kwa ena nja kumtundu. Imagwiranso amayi ena mwezi womaliza wa pakati kapena miyezi yoyamba atabereka. Ambiri mwa amayi otere mtima wawo umabwereramo akalandira chithandizo msanga.

Tikudziwa kuti kumudzi mayi kapena bambo akatupa miyendo, anthu amathamangira kunena kuti ndi mdulo kapena tsempho, nayamba kufunsana kuti wathira mchere m'ndiwo ndani. Mabanja amadana, masiku akupita, wodwala akunkabe natupa. Mcherewo ulidi ndi mlandu, koma mlandu wake suli pa amene wauthira. Uli pa kuchuluka kwake.

CHIFUKWA CHAKE MCHERE UMAVUTA

Mchere umasunga madzi m'thupi. Madzi akachuluka, mtima wofooka uja umasenza katundu woposa msinkhu wake. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike pa magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiye kuti kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera zakudya zonse za tsikulo. Wodwala mtima ayenera kusamala koposa.

MALANGIZO KWA WOPHIKA

1. Patulani ndiwo za wodwala musanathire mchere mu mphika wa banja. Koma chabwino koposa nkuti banja lonse lichepetse mchere, kuti wodwala asadye payekha ngati mlendo. Lilime limazolowera pakapita masabata ochepa.

2. Musaike mchere pamkeka kapena patebulo podyera.

3. Chenjerani ndi mchere wobisika. Bakayawo ndi nsomba zina zoumika ndi mchere, nyama ndi nsomba za m'zitini, soseji, tchipisi ndi timibulu tokometsera ndiwo ta m'sitolo zili ndi mchere wambiri. Nsomba yamchere iviikeni m'madzi, muwataye madziwo musanaphike.

4. Soda wophikira therere ndi mbale wake wa mchere, ndipo naye amasunga madzi m'thupi. Muchepetseni.

5. Kometsani ndiwo ndi matimati, anyezi, adyo, mandimu kapena nsinjiro. Nkhwani wotendera sasowa mchere wambiri.

6. Mpatseni wodwala nsima ya mgaiwa, nyemba, nandolo, masamba, nsomba zaziwisi ndi zipatso za nyengoyo. Mafuta akhale pang'ono.

7. Mimba ikakhuta kwambiri imapanikiza chifuwa. Nkwabwino kudya pang'onopang'ono kanayi kapena kasanu pa tsiku, kusiyana ndi kudya mitanda yambiri nthawi imodzi.

MALANGIZO KWA WODWALA

Mowa, kaya ndi kachasu kaya masese, umafooketsa mnofu wa mtima. Usiyeni pamodzi ndi fodya. Ngati dokotala wakupimirani madzi akumwa, kumbukirani kuti thobwa, tiyi ndi phala nazonso ndi madzi. Koma musadzimane madzi mwa nzeru zanu zokha.

Imwani mankhwala tsiku lililonse, ngakhale mutamva bwino. Furosemide amakodzetsa kuti madzi atuluke, tsono nkwabwino kumwa m'mawa kuti usiku mugone. Enalapril amapeputsa ntchito ya mtima. Pitani mukatenge ena asanathe. Musagule ibuprofen kapena diclofenac pa golosale, pakuti amasunga madzi ndi kuvutitsa impso.

Musangogona tsiku lonse ayi. Yendani pang'onopang'ono, gwirani tintchito topepuka, ndipo befu akayamba, pumulani. Kusenza mtolo wa nkhuni, kusinja ndi kugalauza pa dzuwa, asiyireni ena. Pogona tsamiritsani mutu ndi msana kuti zikhale pamwamba.

Mayi amene anadwala nthendayi pa uchembere asatengenso pakati asanaonane ndi dokotala. Apite pamodzi ndi mwamuna wake, akamve onse awiri za njira yolerera yowayenera. Enalapril si woyenera kwa mayi woyembekezera.

LITI MUYENERA KUTHAMANGIRA KUCHIPATALA?

M'mawa uliwonse dinani chala pamsong'olo. Pakatsala kadzenje, madzi ayamba kuchuluka. Ngati pali sikelo pafupi, dzipimeni: kuonjezera makilogalamu oposa 2 pa masiku 3 si kunenepa, koma madzi. Musadikire tsiku limene anakulemberani ngati kutupa kukukwera, ngati mukubanika muli chikhalire, ngati mtima ukugunda mosalongosoka, kapena ngati mwakomoka.

Inu amene mwawerenga phunziroli, awerengereni anzanu osadziwa kuwerenga, makamaka amene amaphikira wodwala.