Kufufuza Kholo M'mabuku a Milandu ndi a Chuma cha Masiye: Nkhani ya Elizabeth Key

Mawu oyamba

Anthu ambiri amene ankakhala ku Virginia m'zaka za m'ma 1600 sanasiye makalata kapena mabuku ofotokoza za moyo wawo. Wofufuza mbiri ya makolo amawapeza m'malo awiri: m'mabuku a bwalo la milandu ndi m'ndandanda wa chuma cha masiye. Nkhani ino ikuonetsa momwe zolemba ziwirizi zimathandizirana, potengera chitsanzo cha Elizabeth Key.

Zomwe ndandanda wa chuma umanena

Munthu wachuma akamwalira, katundu wake yense ankalembedwa: ziweto, mipando, zida ngakhalenso anthu omugwirira ntchito. John Mottram wa m'boma la Northumberland atamwalira m'chaka cha 1655, olemba chuma chake anaika Elizabeth ndi mwana wake m'gulu la "Negroes" osati la antchito a pangano. Kusiyanaku kunali kwakukulu. Wantchito wa pangano ankamasulidwa zaka zake zikatha, pomwe woikidwa m'gulu linalo akanagawidwa pamodzi ndi ng'ombe mpaka imfa. Wofufuza amene angangodalira pepala limeneli anganene kuti Elizabeth anali kapolo, n'kuthera pomwepo.

Zomwe bwalo la milandu linalemba

Elizabeth anakasuma mothandizidwa ndi William Grinstead, bambo wa mwana wake. Umboni wa mlanduwu ndiwo umatipatsa mbiri yake. Mboni zinanena kuti bambo ake anali Mngelezi wotchedwa Thomas Key, yemwe analipitsidwapo chindapusa chifukwa chopereka pathupi kwa mayi wachiafirika. Kunapezekanso pangano la mu 1636 lomupereka kwa Humphrey Higginson kwa zaka zisanu ndi zinayi zokha. Mfundo zake zinali zitatu: malamulo a ku England amati mwana amatsata bambo, iye anali Mkhristu wobatizidwa, ndipo anali atagwira kale ntchito kupyola zaka za panganolo. Bwalo la m'boma linagamula momukomera, bwalo lalikulu linasintha chigamulocho, koma nkhaniyi itafika ku nyumba ya malamulo inabwezedwa kuboma. Anamasulidwa mu July 1656 ndipo anakwatiwa ndi Grinstead chaka chomwecho. Chitseko chimene anatulukira sichinakhalitse: lamulo la mu 1662 linati mwana azitsata mayi pa za ukapolo, ndipo la mu 1667 linati ubatizo sumasula kapolo.

Maphunziro kwa wofufuza

Choyamba, pepala limodzi si mboni yokwanira. Ndandanda wa chuma unalembedwa ndi anthu amene akanapindula Elizabeth akanakhala kapolo, choncho tiyenera kufunsa kuti analemba ndani ndipo ankafuna chiyani.

Chachiwiri, kalembedwe ka mayina kanalibe lamulo lokhazikika. Mlembi ankalemba monga wamvera, n'chifukwa chake timapeza Grinstead ndi Greenstead, Mottram ndi Mottrom. Wophunzira za chiyankhulo amadziwa kuti ayenera kutchula dzinalo mokweza kuti azindikire munthu mmodzi wobisala m'malembo osiyana.

Chachitatu, mawu amasintha tanthauzo. M'zaka za m'ma 1650 malamulo a ukapolo ku Virginia anali asanakhwime, kotero kuwerenga liwu la nthawi imeneyo ndi tanthauzo la zaka za m'ma 1800 n'kusokeretsa.

Chachinayi, wofufuza ayambire kumabuku a m'boma. Zolemba zambiri za bwalo lalikulu la Virginia zinapsa pa moto wa ku Richmond mu 1865, ndipo mbiri ya Elizabeth inapulumuka makamaka chifukwa cha mabuku a ku Northumberland.

Mawu omaliza

Zidzukulu za Elizabeth Key zimatha kumuloza lero ngati kholo lawo chifukwa iye anakana liwu limodzi lomwe linalembedwa pafupi ndi dzina lake. Akanakhala chete, akanangotsala ngati mzere m'ndandanda wa katundu wa munthu wina.