Kuphunzitsa Ana Panja: Mtengo Usangokhala Denga

Ndikulankhula makamaka ndi inu aphunzitsi a Sitandade 1 mpaka 4 kuno ku Namitete, ku Nsaru, kwa Kabudula, ku Mpingu ndi ku Nambuma. Lero tikambirane za kuphunzitsa ana panja.

Ena mwaseka kale: "Ife panja ndiye kalasi yathu chaka chonse!" Zoonadi. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana anachuluka kuposa zipinda, ndipo makalasi ambiri anathera pansi pa mango. Koma taonani zomwe zimachitika pamenepo. Bolodi latsamira tsinde, ana andanda m'mizere, maso ali pa choko, teremu mpaka kutha palibe watola tsamba n'kufunsa kuti n'lamtengo wanji. Lero tikunena zotulutsa ana dala, kuti dothi, masamba ndi tizilombo zikhale phunziro lenilenilo. Aphunzitsi munamva kukoleji za TALULAR, njira yophunzitsira ndi zipangizo zopezeka m'dera lanu. Ndi yomweyo, kungoti zipangizo mukuzipeza pomwe zamera.

Yambani dzulo lake. Kayendereni nokha malo omwe mukufuna kupita ndi ana. Onani ngati pali chitedze, nkhadze yomwe utomoni wake umawononga maso, linthumbu, mavu kapena mabotolo osweka. Auzeni ahedi, ndipo ngati mutuluka m'malire a sukulu, pitani kaye kwa amfumu. Kuno kwathu mitengo yachilengedwe yatsala yambiri kumanda, ndipo mphunzitsi wachilendo angakopeke nayo. Ayi ndithu. Kumanda ndi kudambwe sikopita ndi ana asukulu, mungadziputire mlandu.

Ana akakhala 100, musatuluke nokha. Pemphani amayi awiri a m'komiti ya sukulu, gawani ana m'magulu a khumi khumi, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake. Asonyezeni polekezera: kuchokera pachulu apo kufika pampanda. Gwirizanani kuti mukaomba m'manja katatu, onse abwerere. Awerengeni potuluka, awerengeninso pobwera.

Tsiku limodzi, mutu umodzi. Mphindi 30 zakwana.

Tiyerekeze mutu ndi dothi. Dulani mabotolo atatu apulasitiki, muboole kunsi. M'limodzi muike katondo wa kumunda, m'lina makande a kudambo, m'lina mchenga. Ana athire madzi ofanana, kapu imodzi imodzi, kenako awerenge mokweza mpaka madzi atayamba kudontha. Apa ndiye pagona luso: inu khalani chete. Musawauze yankho. Funsani kuti, "Madzi athamanga kuti? Achedwa kuti? Nanga n'chifukwa chiyani amayi anu amalima dimba kudambo m'chilimwe?" Mudzadabwa kuti mwana uja amakhala duu m'kalasi, yemwe masana amaweta mbuzi, ndiye ayankhe bwino kuposa onse. Mpatseni mpata. Masamu alowa kale powerenga paja, Chichewa chalowa pofotokoza.

A Sitandade 1 alembe zilembo pamchenga ndi chala, atole timitengo amange m'mitolo ya khumi, atchule mitengo yoyamba ndi "m": msuku, mpoza, mlombwa, mthethe.

Ngati pafupi pali msangu, musauphonye. Mtengo umenewu umayoyola masamba nthawi yamvula pamene inzake ikuphukira, n'kubiriwira m'chilimwe, ndipo chimanga cha pansi pake chimakula bwino. Ana aziujambula m'kope mwezi ndi mwezi, adzaone okha kusinthako. Funso loti "bwanji?" lichokere kwa iwo.

Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Gulu lililonse lidzale mtengo wake, liupatse dzina, liutchingire mbuzi ndi minga, liziuyeza ndi chingwe. Kudzala mitengo 200 tsiku la mwambo n'kuiiwala, ine sindiona phindu lake. Khumi yopulumuka ndiyo ntchito. Ana athu amaona matumba a makala panjinga mumsewu wa Mchinji tsiku ndi tsiku. Auzeni kuti makalawo ndi mitengo yodulidwa, ndiponso kuti mtsinje wa Lilongwe, womwe anthu amumzinda amamwa, umachokera m'nkhalango ya Dzalanyama. Sukulu yofuna kupitiriza ikhoza kuyambitsa kalabu ya zachilengedwe, monga omwe bungwe la WESM limathandiza.

Nyengo yamvula, chenjerani. Mabingu akangoyamba, achotseni ana pansi pa mtengo, mphenzi siichenjeza. Asalowe m'madzi odikha a kudambo, muli nkhono zofalitsa likodzo. Bowa ndi zipatso zosadziwika aone ndi maso, asalawe. Mwana wovutika kuyenda musamusiye m'kalasi. Sankhani malo oti naye afike.

Mukabwerera, onse asambe m'manja ndi sopo, ndipo gulu lililonse linene chinthu chimodzi chomwe laona. Inu makolo, akakufunsani madzulo dzina la mtengo wa kuseri kwa khola, muwauze, ndi ntchito yake yomwe.