PHUNZIRO LA UKHONDO: MATOPE A GALU M'NYUMBA NYENGO YA DZINJA

Mvula ikakhazikika, kuyambira mwezi wa December kufikira March, dothi la makande la m'mbali mwa Shire ndi m'zigwa za nyanja ya Chilwa limasanduka phala lomata. Galu amene wagona usiku wonse akulondera khola la mbuzi ku Ntaja, kapena amene waswera kuthamangitsa anyani m'munda ku Ulongwe, amabwera kunyumba matope ali thoo m'mapazi, nakadzigwetsa pakhonde kapena pamkeka. Ambiri amaona ngati vuto lake ndi ntchito yokolopa yokha. Koma pansi pomwe galu waponda ndi pomwenso mwana wokwawa amatola mbatata yake n'kuika mkamwa.

Chimene chili m'matopemo

Ndowe za galu wosamwetsedwa mankhwala zimakhala ndi mazira a njoka zam'mimba. Mazira ena sayamba kupatsira matenda tsiku lomwelo. Amafuna masabata awiri kapena kuposerapo ali m'dothi kuti akhwime, ndipo akakhwima amatha miyezi yambiri ali amoyo. Mtundu wina umaswa timphutsi tokonda dothi lonyowa ndi lofunda, timene timaboola khungu la munthu woyenda wopanda nsapato n'kusiya mzere wokhotakhota woyabwa kwambiri.

Palinso china. Kumene anthu amadzithandizira patchire, kapena kumene zimbudzi zagumuka ndi mvula, galu amaponda chimbudzi cha anthu n'kubwera nacho pakhomo. Galu sadwala kolera, koma mapazi ake sasankha choponda. Anthu a m'maboma awiriwa sangaiwale kuti mliri wa kolera umene unalengezedwa mu March 2022 unayamba kudziwika pa chipatala chachikulu cha Machinga ku Liwonde, usanafalikire dziko lonse.

Zoyenera kuchita pakhomo

Choyamba, galu akhale ndi pogona pakepake: kakhumbi kofolera bwino, pamalo okwera, koyalamo chiguduli chouma. Galu amathamangira m'nyumba chifukwa chosowa pousa mvula. Akapeza pouma, sakakamira pakhomo. Chakudya chake azilandiriranso komweko, m'mbale yakeyake, kutali ndi khitchini ndi thandala.

Chachiwiri, njira yolowera m'nyumba iwakidwe ndi zidutswa za njerwa kapena miyala, ndipo pakhomo payalidwe thumba lakale lopukutira mapazi. Kachitseko kakafupi ka nsungwi kamalola mphepo kulowa koma kamatsekereza galu, nkhuku ndi abakha.

Chachitatu, ndowe za galu zizichotsedwa m'mawa uliwonse ndi khasu kapena fosholo n'kukwiriridwa mozama, mazira aja asanakhwime. Ntchito ya mphindi zochepayi ndiyo imadula matenda pamuzu.

Chachinayi, matope akalowa m'nyumba ya simenti, ayambe apalidwa, kenako pakolopedwe ndi madzi a sopo. Klorini abwere pambuyo, pakuti mphamvu yake imachepa akathiridwa pa matope. M'nyumba yozira madzi ambiri amangoonjezera chinyezi: pamalopo papalidwe, pathiridwe phulusa kapena mchenga wouma, ndipo m'ming'alu muziridwenso dzuwa likawala. Chikolopa chichapidwe ndi kuyanikidwa, wokolopayo asambe m'manja ndi sopo pa mpondagiya.

Pomaliza, mwini galu aonane ndi mlangizi wa ziweto za mankhwala a njoka zam'mimba ndi katemera wa chiwewe.

Akuluakulu anati mvula ikakuona litsiro sikata. Banja lodikira kuti mitambo ichoke lisanakonze pakhomo lidzapeza kuti mwana wayamba kale kutsegula m'mimba.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi

1. Ndi mabanja angati m'mudzi muno amene agalu awo ali ndi pogona pawo?
2. Ndi zimbudzi ziti zimene zagumuka chaka chino, ndipo zikonzedwa liti?
3. Kodi ana okwawa amaikidwa pati amayi awo akakhala pa ntchito zina?