Mpopi Umodzi, Zitseko Zisanu: Kukhala pa Mdadada

Ambiri a ife amene timachita lendi ku Liwonde kapena pa Balaka timakhala m'nyumba za mdadada: zitseko zisanu pansi pa denga limodzi, bafa limodzi, chimbudzi chimodzi, mpopi umodzi, ndipo kawirikawiri mita ya magetsi imodzinso. Mnansi akakhosomola usiku timamva. Sitinasankhane ayi, anatisonkhanitsa ndi mwininyumba.

Mikangano yake timaidziwa. Mayunitsi atha mwezi usanafike pakati, ndipo maso onse ali pa banja lomwe limaphikira magetsi. Banja la anthu awiri likudandaula kuti likulipira madzi mofanana ndi banja la anthu asanu ndi atatu. Chimbudzi chadzadza m'dzinja, aliyense akuti si udindo wake. Zimaoneka zazing'ono, koma zasamutsa mabanja pakati pa teremu, ana n'kusintha sukulu.

Tiyeni tione anzathu amene anayesa njira ina. Mu 2003, amayi a ku Mtandire mu Lilongwe, ambiri a iwo ochita lendi, anayamba kusunga ndalama pamodzi m'magulu. Maguluwa anakula n'kukhala bungwe la Malawi Homeless People's Federation, lomwe limagwira ntchito ndi bungwe la CCODE. Atakambirana ndi makhonsolo, anapatsidwa malo: mapuloti 222 ku Area 49 mu Lilongwe, ndi 465 ku Angelo Goveya mu Blantyre. Zidina anaumba okha. Ngongole yomangira inachokera ku thumba lawo lotchedwa Mchenga, lomwe limayenda chonchi: wamanga abweze, kuti winanso amange. Wina akazengereza kubweza, amene akuvutika ndi mnzake yemwe akadali pa lendi, akudikira.

Ife chimene chatikoka mtima kwambiri ndi kasonkhedwe kawo. Ankasonkha tsiku ndi tsiku, ngakhale kandalama kochepa, ndipo wotolera ankayenda khomo ndi khomo. Potolerapo ankamva kuti uku mwana wadwala, uko bambo ntchito yatha. Choncho pofika tsiku la msonkhano, wolephera kusonkha sankayambira pa kudziteteza, chifukwa vuto lake linali lodziwika kale. Pa midadada yathu zimakhala mosiyana: timakumana pamodzi bilu ikabwera basi, mitima itatentha kale.

Kwathu kuno tinaonanso zofanana. Pakati pa 2004 ndi 2011, pulojekiti ya Kudzigulira Malo inathandiza mabanja oposa 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, kugula minda ya maesiteti ku Machinga ndi Mangochi, kenako ku Balaka ndi Ntcheu. Banja lililonse linalandira pafupifupi mahekitala awiri, koma malowo ankagulidwa ndi gulu. Anthu anayenera kugwirizana za pomanga nyumba ndi za madzi, ndipo ena zitawakanika anabwerera kwawo.

Inde, ife a pa lendi nyumba si yathu, ndiye zina sitingasinthe. Koma kagawidwe ka bilu, ndandanda yosesa, ndi nthawi yozimitsa wailesi zili m'manja mwathu. Tikakhala pansi, ndani amalankhula? Nthawi zambiri ndi amene anakhalitsa pamalopo, kapena amene ali ndi ndalama. Mayi amene amakolopa bafa m'mawa uliwonse, yemwe akudziwa bwino kumene madzi akupita, amangomvetsera.

M'gulu lathu lero tiyese izi. Tiyerekeze mdadada wa mabanja asanu: lina la anthu awiri, lina la asanu ndi atatu, lina la gogo wolera zidzukulu wopanda ntchito, lina lophika mandasi ogulitsa, ndi mnyamata wokhala yekha amene amangobwera kudzagona. Bilu ya madzi yafika. Tiigawa potengera zitseko, mitu ya anthu, kapena kagwiritsidwe ntchito? Gawo la agogo alipira ndani? Aliyense atengeko banja limodzi n'kulilankhulira, kenako tisinthane mabanjawo, tikambiranenso.